Mapepala Awiri Amene Ndinasiya kwa Amalume

Ndinaganiza zopita ku Rhodesia tsiku limene ana a Sitandade 2 anandiseka mpaka ndinatuluka m'kalasi choko chili m'manja. Ndinali nditatha chaka chimodzi pa koleji ya aphunzitsi ya mishoni, ndipo pa mayeso olemba panalibe wondiposa. Koma akandiimika kutsogolo kwa ana, ndinkangoyang'ana pansi, phunziro osayamba. Anandiyesa katatu. Kachitatuko mkulu wa koleji, mzungu wokalamba amene ankalankhula Chinyanja cha m'Baibulo, anandiitana n'kundiuza kuti mutu ndili nawo koma pakamwa ndilibe. Bambo anga anali atangomwalira, ndipo fizi ya chaka chachiwiri inalibe kochokera. Choncho mkuluyo anandilembera kalata yoti malo anga adzasungidwa. Anati ndikagwire ntchito pakati pa anthu, ndikaphunzire kuyang'ana munthu kumaso, ndipo ndidzabwere ndi fizi, kalatayo, ndi satifiketi yanga ya Sitandade 6.

Lero ndine nkhalamba, ndimakhala kuno ku Banket, ndipo pansi pa bedi langa pali bokosi lachitsulo. Muli chitupa changa choyamba, matikiti a ntchito, malisiti a kupositi, makalata onse amene ndinalandirapo, ngakhale tikiti ya basi imene ndinakwera tsiku laukwati. Adzukulu anga amati ndikusunga chakudya cha mphemvu. Aseke. Mapepala amene mulibe m'bokosimo ndi awiri okha, kalata ya mkulu uja ndi satifiketi, ndipo ndikulemba izi kuti adziwe kumene anapita.

Ndinawasiya kwa amalume a Jekapu, mlongo wa mayi anga, mwini mbumba yathu kwathu ku Dedza. Iwo ndiwo anapempha. Anati pa Zambezi mabwato amagubuduzika, ku Tete kuli akuba, ndipo mvula sidziwa satifiketi.

"Mapepala a sukulu sayenda ulendo, mphwanga," anatero. "Ndiwaika m'Baibulo. Udzawapeza momwemo."

Ndinawathokoza ndi manja awiri. Mwana wawo Lefani, msuweni wanga, amene analephera Sitandade 6 kawiri, ndiye anandinyamulira kamtolo mpaka pamene tinkakwerera lole ya ulere.

Inali nthawi ya Chitaganya, ndipo tinkauzidwa kuti maiko atatu asanduka limodzi. Umodziwo unathera pamalire, pamene anatiima pamzere, malaya m'manja, kutipima ngati ng'ombe za pamsika. Ndinalembedwa pa pulazi, munda waukulu wa fodya wa bwana wachizungu, kufupi ndi Banket. Folomani atamva kuti ndinali ku koleji anasangalala kwambiri. Ananditcha Ticha, n'kundipatsa ntchito yonyamula zipika za mabani oumitsira fodya, akuti aone ngati Chingerezi chimapepukitsa mtengo. Komboni yonse inatengera dzinalo. Ana a kuno ankatikuwiza kuti Mabulandaya, ngakhale ine Blantyre ndinali ndisanamuonepo. Sindinkayankha aliyense. Ndinkalandira phoso langa, kuphika nsima, imene kuno amati sadza, n'kudyera chakukhoma.

Patapita miyezi, dona wa bwana anafuna munthu wodziwa kulemba woti azithandiza m'sitolo ya papulazi. Woyendetsa sitoloyo anali a Zuze, bambo wa ku Tete, wamfupi, wa diso limodzi loyera, amene sankadziwa kulemba dzina lawo koma ankadziwa za m'thumba la munthu aliyense pakomboni. Sanandikonde ndipo sanabise. Tsiku loyamba mayi wina anandifunsa mtengo wa mpango, ine n'kuyankha ndili chiweramire. A Zuze anatenga ndodo yoyezera nsalu n'kundikweza nayo chibwano pamaso pa mayiyo.

"Wogula ali uku. Pansipo wataya chiyani? Mtengo wonenera pansi ndi mtengo wabodza, mayiyu akuona kale kuti angakutsitse."

Ndodo imeneyo ndiyo inali buku langa. Ndinaphunzira kuti mchere ndi parafini zimakhala kumapeto kwa sitolo kuti wozifuna adutse pansalu. Ndinaphunzira kuti mtengo umanenedwa kamodzi, momveka, kenako umatseka pakamwa, chifukwa amene ayambe kulankhula ndiye wagonja. Ndinaphunzira kuti mawu oti "kaya" saloledwa kuseri kwa kauntala. A Zuze ankadziwa nyumba imene muli wodwala kwambiri, ankadziwa nthawi imene a kudambwe adzafune nsalu za gule, ndiponso nthawi imene amayi a kutchalitchi adzafune zoyera, ndipo ankaitanitsa katundu anthuwo asanadziwe n'komwe kuti adzamufuna. Tsiku lamalipiro ankandiimika pakhonde pa bokosi la sopo kuti ndizifuula katundu watsopano, khamu lonse likuseka kuti Ticha wayamba sukulu. Mawu akatsika, ndodo inkagwa pamsana. Mwezi woyamba ndinasanza kuseri kwa sitolo. Mwezi wachinayi ndinabweza nthabwala kwa folomani, anthu n'kuseka iyeyo.

Phunziro lalikulu linabwera ndi lole ya katundu yochokera ku Salisbury. A Zuze anali atatuluka. Dalaivala anali pachangu, anatsitsa mtolo wa mabulangete n'kunena kuti pepala lake adzabweretsa ulendo wina. Ine ndinachita manyazi kumukakamiza, poti anali munthu wamkulu. Titamasula mtolo, mabulangete atatu munalibe. Dona anandidula malipiro a mwezi wonse. A Zuze sanakalipe. Anandimenya zala ndi ndodo ija amayi akuonerera, n'kunena mawu amene ndimawamvabe mpaka lero.

"Katundu wopanda pepala alibe mwini. Mwini wake ndi amene wamugwira."

Kuyambira tsiku limenelo sindinatayenso pepala. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti ndinamva mawuwo n'kuganiza za mabulangete okha.

Ndalama ndinkatumiza kwa amalume mwezi ndi mwezi, kuti ina azipatsa mayi, ina azisunga ya fizi. Ndinalibe jekete, ndinalibe njinga, kumowa sindinkapita. Lamulungu anzanga akapita ena kugule ena kutchalitchi, ine ndinkakhala m'kanyumba kanga n'kumaphunzitsa khoma, kuyeserera mmene ndidzaimire kutsogolo kwa ana. Kusungulumwa kunali kwakuti ndinkawerenga kalata imodzi ya kumudzi mpaka kung'ambika m'mapindiro. Makalatawo ankanena amalume, wolemba anali Lefani. Onse ankanena zofanana: mayi ali bwino, mapepala ako ali m'Baibulo, koma usafulumire, kuno kuli chipwirikiti cha ndale, anthu akumangidwa, onjezera chaka china. Ndinaonjezera. Ndinaonjezeranso.

Makalata amenewo ndili nawo onse, ndipo ndawandandalika pamphasa kambirimbiri. Oyambirira ali ndi zilembo za Lefani zimene ndinkazidziwa, zogwa ngati mpanda wakale. Pofika pakati zilembo zayamba kuimirira. Omalizira ali ndi Y wa mchira wopindika, ndendende mmene ndimalembera ine dzina langa loti Yosiya. Nthawi imeneyo ndinkanyadira kuti msuweni wanga akutengera dzanja langa.

M'chaka chachinayi a Zuze anadwala, sitolo n'kutsala m'manja mwanga. Ndinakana katundu wovunda wa wamalonda wina wachizungu, ndipo ndinauza dona pamaso kuti nsalu zamaluwa zimene ankaitanitsa ndi zokonda iye, osati amayi a pakomboni. Anafiira, koma anamvera, ndipo nsalu zinayenda. Pamenepo ndinadziwa kuti pakamwa ndapapeza. Ndinapempha kalata ya umboni kwa dona, ndinagula jekete, ndipo sindinalembere kumudzi kuti ndikubwera. Potsanzikana a Zuze sananene za mwayi kapena za Mulungu. Anangofunsa kuti mapepala a sukuluwo ali kwa ndani, ndipo nditayankha, anayang'ana kumbali n'kulavula.

Basi inkadutsa pa koleji isanafike kwathu, choncho ndinatsikira pomwepo kuti ndikangodzionetsa. Mkulu wokalamba uja anali atabwerera kwawo. Anzanga a m'kalasi anali atamaliza kalekale. Kalaliki wa mu ofesi atamva dzina langa anatsegula kaundula, anandiyang'ana, n'kunena kuti Yosiya Phiri wa mudzi umenewo ali m'kalasi, akumaliza chaka chino. Anatuma munthu kukamuitana. Analowa Lefani, atanenepa, cholembera chili pathumba. Anaima pang'ono pakhomo, kenako anatambasula dzanja, n'kunditchula ine dzina lake lomwe.

"Asuweni a Lefani, mwafika liti?"

Mkulu watsopano, mzungu wachinyamata, analamula kuti abwere akuluakulu a kumudzi. Ndinagona masiku awiri pakhonde la sitolo ya mmwenye. Tsiku lachitatu anafika amalume, mayi anga ali pambuyo. Mayi sindinawaone zaka zinayi, koma sanandiyang'ane.

Ndinaimirira mu ofesi muja n'kulankhula. Ndinayala patebulo chitupa, kalata ya dona, malisiti a kupositi, chilichonse pamalo pake. Ndinafotokoza chiyambi mpaka mapeto, m'Chingerezi, ndikumuyang'ana mzunguyo kumaso, mawu osanjenjemera ngakhale kamodzi. Nditamaliza ndinatseka pakamwa monga anandiphunzitsira a Zuze. Munali mphunzitsi mmodzi wakale amene anandiphunzitsa masamu, ndipo ankandidziwa bwino. Iyeyo nthawi yonseyi ankayang'ana nsapato zake. Pambuyo pake ndinamva za mbuzi ziwiri zimene zinachoka m'khola la amalume kupita kwa mphunzitsiyo.

Mkuluyo anati ndalankhula bwino, koma a Yosiya Phiri ndi ambiri, ndipo pamalire munthu amatchula dzina lililonse limene wafuna, amulembera pachitupa. Anati mapepala a koleji ali m'manja mwa amene ali m'kalasiyo. Kenako anati pali mboni imodzi imene singalakwe, n'kutembenukira kwa mayi.

"Mayi, mwa anyamata awiriwa, Yosiya wanu ndi uti?"

Amalume anatsokomola. Mayi anapotokola ngodya ya chitenje. Kenako anakweza dzanja, osakweza mutu, n'kuloza Lefani.

Panja, amalume atatsogola, mayi anandiyandikira. Anati ndisawaone ngati mfiti. Anati nkhaniyi ikanaululika amalume akanamangidwa, ndipo mbumba yonse, alongo anga atatu, maukwati awo, milandu yawo, akanayang'anira ndani. Anati ine ndili ndi manja, ndaphunzira sitolo, ndikhoza kudya kulikonse, pamene Lefani akachotsedwa ndi munthu wopanda pogwira. Pomaliza anati anthu ankanena kuti ndatchona.

"Amayi, mtchona amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi?"

Mayi anamasula ngodya ya chitenje ija n'kundipatsa mtedza wokazinga umene anandibweretsera. Ndiye kuti ankadziwa kuti akukakumana ndi ndani, ndipo ankadziwa chimene akukachita. Fizi ya Lefani inali ndalama yangayo. Ndinalipirira ndekha munthu wondilanda dzina, ndipo umboni wake ndi malisiti amene ndili nawowa.

Kumudzi sindinafike. Ndinakwera basi yobwerera, ndinapeza a Zuze akadali moyo, ndipo nditawafotokozera anangoti, "Ndinakuuza za mabulangete." Ndinagwira m'sitolo muja zaka zambiri, kenako ndinatsegula yanga pano pa Banket. Ndalera ana asanu ndi mmodzi ndi mchere ndi nsalu. Sindinaimepo kutsogolo kwa kalasi. Anthu okalamba a kuno amanditchabe Ticha, ndipo amaganiza kuti n'kundilemekeza.

Lefani anaphunzitsa mpaka kupuma, analandira penshoni m'dzina langa, ana ake amalemba dzina langa pamafomu. Atamwalira, achibale amene sanandilemberepo chiyambire anapeza keyala yanga. Anati akufuna kumanga chiliza, ndipo poti ine ndili ndi sitolo kunja, ndithandizepo pa simenti. Kalatayo ili pamwamba penipeni m'bokosi. Mkazi wanga anati ndiiponye pamoto. Ine ndinatumiza ndalama ya matumba anayi, ndipo ndinapita ndekha kukaona.

Mudzi unandilandira bwino. Anandiphera nkhuku. Ana ankandilozerana kuti awo ndi agogo a ku Zimbabwe aja, dzina lawo a Lefani, amene analephera sukulu n'kuthawa, ndipo akuluakulu odziwa zoona ankangomwetulira n'kundionjezera ndiwo. Panalibe wondida. Ndinaona kuti kwathu malo a munthu sakhala opanda kanthu: ukachoka amaikapo wina, ndipo ukabwerera amakupatsa mpando wa alendo.

Kumanda ndinawerenga dzina langa, mudzi wanga, chaka changa chobadwa, ndi mawu oti Mphunzitsi Wokhulupirika. Ndinagogoda chilizacho ndi ndodo kuti ndimve ngati anasakaniza bwino. Chinkamveka mchenga wokhawokha. Ndinafunsa mwana wamkulu wa Lefani kuti matumba anayi aja analowa onse, iye n'kuyamba kuyang'ana pansi. Ndinamukweza chibwano ndi nsonga ya ndodo, n'kumuuza kuti andibweretsere lisiti. Anabweretsa la matumba awiri. Nalonso lili m'bokosi.