Mawu a mayi wonyowa pa Chia

Ntchito yanga yoyamba anandipezera mlamu wanga. Pa loji ina pafupi ndi nyanja ya Chia ankafuna munthu wodziwako Chingerezi woti aziperekeza alendo oonera mbalame pa boti. Woyendetsa botilo anali Che Saidi, bambo wosalankhulalankhula. M'mawa tinkasakaniza petulo ndi oyilo, kupukuta pulagi ya injini, kulongeza nkhafi ziwiri, majekete oyandamitsa ndi chigubu chodula chokapira madzi.

"Iwe samala alendo, ine ndisamala injini," ankatero.

Tsiku lina m'nyengo ya mwera tinanyamula banja lachikulire lochokera kunja, bambo ndi mayi. Mwamunayo anali wofooka ndi matenda, wongoti duu. Tili pakati, namasupuni anakola chopalasira cha injini, injini n'kuzima. Mphepo inakula, mafunde n'kuyamba kulowa m'boti. Che Saidi anagwira nkhafi, ine ina. Wokapa madzi panalibe. Mkulu wodwala uja anatola chigubu n'kuyamba kukapa, uku akuseka ngati mwana.

Tinakocheza m'bango tonse titanyowa. Ndinkaganiza kuti ntchito yandithera. Mayi uja anandigwira dzanja nati, "I had the time of my life."

Ine ndinamva ngati akuti nthawi yawo yofa inatsala pang'ono kukwana. Ndinayamba kupepesa. Iwo anaseka, nandifotokozera pang'onopang'ono kuti mawuwa amanenedwa munthu akasangalala kuposa kale lonse. Ukamanena za mwamuna umati "his life", mukakhala awiri "our lives". Kenaka analoza amuna awo, amene ankafinya malaya, nati chiyambire kudwala anali asanasekepo chotero.

Nditawamasulira Che Saidi, anangopukusa mutu. "Azungu! Ife manja matuza, iwo chisangalalo. Alhamdulillah, tafika."

Ndinagwira nawo ntchito zaka zingapo ndisanasamukire ku Dwangwa, kumene ndimayeza nzimbe pa sikelo. Che Saidi anamwalira ndili konkuno, ndipo uthenga unandipeza atayikidwa kale.

Chimene ndinasunga n'chakuti mawu aja amakonda kubwera mochedwa, chinthu chitapita kale. Mayi uja anachita bwino kuwanena zovala zisanaume. Ine Chingerezi chake ndinachidziwa bwino lomwe, koma Che Saidi sindinawauzepo, ngakhale m'Chichewa, kuti masiku amene ndinkakhala kutsogolo kwa boti lawo ndiwo anali okoma kuposa onse.