Mphamvu zitatu, dzina limodzi

Mkazi wanga ankaphunzitsa fizikisi pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Kandeu. Loweruka lililonse masana ana a Fomu 4 ankabwera pakhonde pathu kudzabwereza mafunso a mayeso akale, ine n'kumangodutsa ndi njinga yanga osalabadira. Anamwalira mvula ili pakati. Patatha milungu isanu anawo anabweranso, anayi, mapepala awo ali m'jumbo, n'kukhala pamalo awo akale. Sananene chimene adzera, ndipo ine m'malo mowabweza ndinayamba kuwaphunzitsa.

Ndine mlangizi wa zaulimi. Fizikisi ndinaiphunzira mpaka ku koleji, masamu ake sandivuta. Chimene chinandivuta ndi liwu limodzi la Chichewa.

Mayeso amabwera m'Chingerezi, ndipo m'menemo muli zinthu zitatu zosiyana: fosi, enaji ndi pawa. Kwathu kuno zonsezi timangoti mphamvu. Ndikafotokoza m'Chingerezi ankagwedeza mitu koma osamva. Nditatembenukira ku Chichewa ndinadzimva ndikunena kuti, "Ukatenga mphamvu n'kugawa ndi nthawi, upeza mphamvu."

"Ndiye tikugawiranji, alangizi?" anafunsa mnyamata wina wamtali, anzake n'kufa nacho chiseko.

Amene sanaseke anali mtsikana wa ku Mlangeni, yemwe ankakhala kwa azakhali ake kuti abwereze Fomu 4. Ankafuna unamwino, ndipo fizikisi ndi imene inamugwetsa ulendo woyamba. Bambo ake anali atanenetsa kuti uku n'komaliza, akalepheranso abwerere kukalima kachewere. Funso lililonse la pawa ankaliwerengera bwinobwino mpaka pa enaji, n'kuima pomwepo, n'kudula mzere kunsi.

"Sunamalize," ndinamuuza.

"Mphamvu ndaipeza, alangizi."

"Mphamvu iti?"

"Madamu ankatiuza za ngolo."

Ndinawafunsa za ngoloyo. Wina anati ng'ombe ndiye fosi. Wina anati ayi, fosi ndi goli, ng'ombe ndi enaji.

"Iwe unkagona tsiku limenelo!"

"Unkagona ndiwe, kope lako mpaka linanyowa ndi dovu."

Ndinakhala ndikumvetsera ana anayi akulimbirana mawu a mkazi wanga. Ine amene ndinakhala naye m'nyumba zaka zinayi, za ngoloyo sindinkazidziwa. Sindinamufunsepo mmene ankaphunzitsira.

Lamulungu m'mawa ndinatsegula sutikesi ya makope ake, imene ndinali ndisanaikhudze chichitikire maliro. Ndinawerenga tsamba ndi tsamba. Munali mafunso, mayankho, zojambula za mawaya ndi mababu, zonse zaukhondo. Za ngolo munalibe. Zimenezo ankangonena pakamwa. Ndinabwezera makope mmene analili, ndipo kutchalitchi sindinapite.

Loweruka lotsatira ndinadzaza ndowa ndi kachewere n'kupita nawo pachulu chimene chili kuseri kwa nyumba. Mnyamata wamtali uja ndinamuuza akwere nayo chothamanga. Kenako mtsikanayo akwere nayo yomweyo pang'onopang'ono. Nthawi ndinkayang'ana pa foni.

"Ndowa ndi imodzi, chulu ndi chimodzi. Ndani waipatsa ndowayi enaji yambiri?"

"Ine, bwana," anatero mnyamatayo ali wefuwefu.

"Ayi," anatero mtsikanayo ataganiza. "N'chimodzimodzi. Iyeyu wangofulumira."

"Kufulumirako ndiye pawa."

Tinabwerera pakhonde. Ndinamupatsa mtsikanayo funso la makina opopa madzi. Anapeza enaji, anaima pang'ono, kenako anagawa ndi nthawi. Nambala inali yolondola. Koma kumapeto kwake analemba J, chilembo cha enaji, pamene pawa imafuna W. Ndinakhwatcha yankho lonse.

"Madamu akanandipatsa theka," anatero.

"Madamu sakachonga mayeso ako."

Mawu anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira. Mnyamata uja anayamba kutolera kachewere amene anagwera pansi, ngakhale palibe anamutuma. Ndikanatha kupepesa, koma sindinatero. Ndinamupatsa mtsikanayo mafunso ena asanu a mtundu womwewo. Anawayankha osandiyang'ana, ndipo pochoka sanatsanzike.

Masabata atatu amene anatsala kuti mayeso ayambe anabwerabe onse. Palibe anatchulanso madamu. Ndi zimene ndinkaganiza kuti ndikufuna, koma masana amenewo ankatalika kwambiri. Mtsikanayo tsiku lina amalemba W, tsiku lina J, ine n'kumangokhwatcha.

Tsiku limene analemba fizikisi mtsikanayo anandipeza pamsika ndikupopa njinga, akadali m'yunifomu.

"Linabwera la pawa, alangizi."

"Unagawa ndi nthawi?"

"Ndinagawa."

"Kumapeto unalemba chiyani?"

"Ndinayamba ndalemba J. Kenako ndinakumbukira mmene munandikalipira muja, ndiye ndinakhwatcha."

"N'kulemba W?"

"Belu linalira ndikulemba. Yatuluka yopindika, ili pamwamba pa chokhwatchacho. Kaya aiwerenga?"

Anaima akudikira kuti ndimuyankhe. Ndinamuuza kuti aiwerenga, ngakhale mpaka pano sindikudziwa.