Laimu wa mowa wa chiliza

Ndinanyamuka ku Njombwa dzuwa lisanatenthe, osatsanzika munthu. Tsiku lomanga chiliza cha malemu amuna anga linali pafupi, ndipo mowa wake wofulula ndinali ine. Koma madzi a pachitsime chathu chakudambo amawawasitsa masese asanapse. Mayi wina wamatenanti pa esiteti ya fodya anandiuza kuti laimu woyera, wopakira nyumba uja, amathetsa zimenezo: kansonga ka supuni mumgolo wa madzi, adikhe, kenaka kutsanulira. Sindinamukhulupirire kwenikweni, komabe ndinapita.

Wakabaza ananditula pamsewu. Njira yonse ndinagwira chishalo, iyeyo ayi. Inali nyengo ya makuponi, minibasi yodzaza anthu othamangira feteleza, aliyense dzanja pathumba. Kondakitala anati chenji andipatsa kutsogolo. Ndinamugwira malaya mpaka anandipatsa pomwepo.

Pa Boma tinafika chakumasana. Mwini sitolo ya zomangira anandiyezera laimu m'kajumbo.

"Gogo, kochepa chonchi mupaka khola la nkhunda?"

"Mumagulitsa laimu kapena mafunso?"

Ndinadya chimanga chimene anawotcha ndikuona, n'kukwera lole ya matola, pamwamba pa matumba a feteleza. Pambali panga panadzakhala a Nachisale, mlongo wawo wa malemu. Pa mabampu kajumbo kanabooka, chitenje changa mbuu.

"Alamu, kaufako n'kachiyani?"

"N'kanga."

"Iii, ife timayesa mwadzera kuponi ngati anzanu. Si inu mukutifululira mowa?"

Ndinangoyang'ana zigafa za fodya zikudutsa. Ndinkaopa kuti akadziwa, mawa mudzi wonse ufulula ngati ine. Tinatsika dzuwa litapendeka, aliyense njira yake.

Mowa unapsa bwino, sindinafululepo wotere. Tsiku la chiliza abale a malemu anakhala pansi pa mtengo wa mango, chipanda chili pakati, osachikhudza. Mbiri ya kaufa koyera kaja inali itawafika kale, akuti ndathira mankhwala mumowa.

"Ayambe okha amasiyewo," anatero a Nachisale.

Ndinamwa, monga mwa mwambo. Ndinabwerezanso. Ndinafotokoza za laimu, koma wina anangoti, "Nanga pa lole paja mumabisiranji?"

Chiliza anachimanga osalawa mowa, popanda nyimbo, ndipo atangotsuka manja anabalalika. Mgolo wonse anadzamwa matenanti, akuyamikira. Amuna anga ankakonda anthu ambiri pakhomo, koma tsiku lawo lomaliza pabwalo panatsala ine ndi nkhuku. Ndikanangoti "ndi laimu, alamu," bwenzi atawaimbira.