Andithyolera chitseko lero

Ana anga ndi adzukulu, ndine agogo anu a ku Zengeza 3.

Titangolowa m'nyumba ija zaka za m'ma 80, malemu apongozi anandichenjeza kuti kiyi sapatsa woyandikana naye. Mawuwo ndawasunga mpaka lero.

M'mawa uno ululu unandigwira pansi pa nthiti kumanja, ndinasanza, kenako ndinagwa m'khitchini. Ndimayesa ndi mankhwala a khansa aja, poti amandifoola nthawi zonse.

Mai Moyo oyandikana nane, omwe aja sindilandira ngakhale mchere wawo, anasuzumira pawindo n'kukuwa m'chinenero chawo kuti, "Gogo, maziso enyu aita yero!" Maso anga anali achikasu ngati mafuta ophikira. Chitseko chinali chokhoma, kiyi ndamumanga pachitenje, kudzuka osatha. Anachita kuthyola loko ndi khasu.

Kuno kuchipatala akuti ndulu yatupa, muli timiyala. Mankhwala a khansa aimitsa kaye, ndipo zimenezo n'zomwe zikundiopsa.

Mayi aja akanapanda kusuzumira, mukanandipeza liti? Nanga kiyi watsopano ndipatse ndani? Ndikatuluka muzibwera kudzandiona, foni siithyola chitseko. Mukagogoda mutchule dzina, nditsegula.