Funso lomwe ndinakufunsani pakhonde, Ababa

Ababa, lero mtsikana wina wa ku yunivesite wafika pasukulu yomwe ndikuphunzitsa ku Luchenza, mapepala a kafukufuku ali m'manja, ndipo ndakukumbukani. Chaka changa chomaliza ku yunivesite nanenso ndinkafufuza chifukwa chomwe ana a anthu othyola tiyi akusiyira Chilomwe. Woyamba kumufunsa munali inu. Munali mutangoweruka ku esiteti, zala zitada ndi masamba, ndipo munakhala pakhonde mwaulemu ngati ndine mlendo.

Ndinawerenga papepala kuti, "Kodi ana anu mumawayankhula chinenero chanji?" Munayankha kuti, "Iwe ukudziwa kale. Ine anzanga ankandiseka kayankhulidwe mpaka sukulu ndinasiya. Sindinafune kuti nawenso usiye." Ndinangolemba mwachangu n'kupita pa funso lotsatira, poti tsiku lokapereka ntchitoyo linali litayandikira. Digiri ndinapeza, Ababa. Koma tsiku lomwe tinakuikani kwa Khwethemule, azakhali anakulirani m'Chilomwe, ndipo ndinachita kufunsa munthu wina kuti akuti chiyani. Pumani mwamtendere. Masiku ano Loweruka lililonse ndimapita kwa azakhali kuti andiphunzitse, ngakhale lilime likulemerabe.