Mzere umene Tamiwe analumpha

Tsiku limene kompyuta inafika pa koleji ina ku Chipata, mu 1997, Tamiwe Jere chakudya chinamukanika.

Anali mayi wa ana awiri wochokera ku Kasenengwa. Mayeso a giredi 12 anawalephera kawiri, ndipo chimene chinkamusunga m'tauni ndi ntchito ya pa kolejipo yotaipa mafunso a mayeso pa makina akale otaipira. Tsopano mkulu wa koleji, a Whiteson Mbewe, analengeza kuti mafunso azikonzedwa pa kompyuta, malikisi aziwonkhetsedwanso momwemo. Wosaidziwa pofika Novembala adzaona msana wa njira.

Tamiwe ankaopa ngakhale kuikhudza. Komabe masana aliwonse, anzake akapita kukadya, iye ankatsala pa kompyutapo n'kumaiphunzira. Tsiku lina magetsi anathima asanasunge ntchito yake, mafunso onse a masamu n'kufufutika. Analira, kenaka anayambiranso.

Novembala atafika, analowetsa malikisi a ophunzira mazana awiri. Kompyuta inawonkhetsa bwinobwino, ndipo mndandanda unasainidwa. M'mawa wokaupachika, Tamiwe anaona kuti Emma, mtsikana wa ku Nabvutika amene sankatsika m'kalasi, walephera. Atafananitsa ndi mapepala a aphunzitsi, anapeza kuti analumpha mzere umodzi. Ophunzira asanu ndi anayi anali ndi malikisi a eni ake.

Palibe amene akanadziwa. Kuulula kukanamuchotsetsa ntchito, koma kukhala chete kukanabweza ana a anthu kumudzi osalakwa. Anaima pakhomo pa ofesi ya a Mbewe nthawi yaitali asanagogode.

"Bambo, musapachike. Kompyuta sinalakwe, ndalakwitsa ndine."

A Mbewe anavula magalasi, n'kuyang'ana mapepalawo. Tamiwe ankangoganiza za ana ake ndi basi ya ku Kasenengwa.

"Mai Jere, khalani pansi mukonze. Ine ndiziwerenga, inu muzilowetsa."

Emma anakhoza, ndipo sanamve n'komwe zimene zinachitika. Tamiwe anapempha kuti malikisi aziwerengedwa ndi anthu awiri asanasainidwe, koleji n'kuvomera. Pofika 1999 ndiye ankayang'anira ofesi ya mayeso, aphunzitsi a madigiri akufola kuti awaphunzitse kukonza mafunso pa kompyuta.

Inu amene chinthu chatsopano chikukusowetsani mtendere kuntchito, kapena mwalakwitsa ndipo mukuopa kunena, dziwani kuti Tamiwe mantha sanamuthere. Ankangogwira ntchito ali nawo. Musataye mtima. Gogodani pakhomopo, ngakhale muli ndi mantha.