Mizere ya Phulusa

Ndili pabwalo la mpira wamanja, ndikuthira phulusa m'mizere. Ndi ndime yomaliza ya mpikisano wa masekondale. Ahedi akundipatsa maikolofoni yolemera ngati njerwa.

"Madamu, tiuzeni, chikho chipita kuti?"

"Kwathu," ndikuyankha. "Enawo ndi aatali, koma sachedwa kutopa."

Pomwepo mtengo wa golo ukutalika mpaka kupitirira mabulugamu. Tadala, mtsikana wathu wogoletsa, akuponya mpira koma sukubwerera pansi. Tonse tikuudikira, makosi akuwawa. Mphepo yafufuta mizere, ndikuyambanso kuthira.

"Musaloserenso, madamu," akutero Tadala. "Mikono yanga yalema."

Ahedi akundipatsanso maikolofoni ija.

Ndadzuka mapewa ali olemera. Basi ya timu inyamuka seveni koloko, ndipo aliyense andifunsa funso lomwelo.